Lamulo la Masiku Anayi: Mmene Agiriki Akale Ankapumitsira Omenyana

Masewera omenyana mosakaniza nkhonya, mateche ndi kugwetsana, amene mbiri yake idawanda chichitikire mpikisano woyamba wa UFC ku Denver m'chaka cha 1993, sadayambe dzulo ayi, pakuti Agiriki akale adali nawo, nawatcha pankration, nawalowetsa m'mipikisano ya ku Olympia m'chaka cha 648 Khristu asanabadwe. Zoletsedwa zidali kuluma ndi kukolowola maso basi, ndipo ndewu inkapitirira kufikira wina atakweza chala kuvomera kuti wagonja, kapena atalefukiratu.

Aliyense wofuna kupikisana ku Olympia ankalumbira pamaso pa fano la mulungu wawo Zeus kuti wadzikonzekeretsa kwa miyezi khumi, ndipo mwezi wotsiriza ankakhala mumzinda wa Elis, oweruza akumuyang'anitsitsa. Komatu anthu aja sadanyoze kupuma. Mnyamata akatuluka m'bwalo thupi lili mbuu, ankatenga kachitsulo kopindika napala nako mafuta a azitona, thukuta ndi dothi, kuyambira paphewa kufikira kuakakolo, kenaka nasamba, nagona pansi kuti ena amsisite ndi mafuta mpaka minofu itafewa.

M'kupita kwa zaka aphunzitsi adakhazikitsa lamulo la masiku anayi, limene mlembi wina dzina lake Philostratus adalilongosola m'buku lake la Gymnasticus, m'zaka za m'ma 200 Khristu atabadwa. Tsiku loyamba lidali lodzutsa thupi ndi zochita zazifupi koma zachangu. Lachiwiri lidali la thukuta lenileni, pamene munthu ankayesedwa kufikira mphamvu zake zitatha. Lachitatu lidali lopumula ndi zochita zopepuka. Lachinayi lidali lapakati, ndipo likatha ankayambiranso. Nzeru yake njoonekeratu, chifukwa minofu yovutitsidwa m'bwalo imakonzeka ndi kukhwima m'maola a tulo ndi chakudya, ndipo woimana nthawi imeneyi amangofooka ngakhale achite khama lotani. Akulu adati kuthamanga sikufika.

Chodabwitsa nchakuti Philostratus mwini wake adadana nalo lamuloli, ndipo adapereka chifukwa chomvetsa chisoni. Padali katswiri wogwetsana dzina lake Gerenos, wa ku Naucratis m'dziko la Ejipito, amene atapambana ku Olympia adachita madyerero ndi abwenzi ake, nadya zakudya zimene mimba yake sidazolowere, nasowa tulo. Pofika m'bwalo tsiku lotsatira, iye adauza mphunzitsi wake poyera kuti sadali kupeza bwino. Koma mphunzitsiyo, poona kuti dongosolo la masiku anayi likusokonekera, adapsa mtima, namkakamiza kuchita zolemetsa, kufikira Gerenos adatsirizika pomwepo. Munthu amene anzake adalephera kumgwetsa adaphedwa ndi womusunga, amene adalemekeza chiwerengero cha masiku koposa mawu a wodwala.

Nkhani imeneyi iyenera kufika m'makutu a onse oyamba masewerawa lero lino, pamodzi ndi owaphunzitsa. Woyamba kumene amabwera ndi mtima woyaka, nafuna kuphunzira nkhonya, mateche ndi kugwirana pansi tsiku ndi tsiku, chikhalirecho mitsempha ndi mfundo za mafupa ake sizinakhwime, ndipo zimachedwa kulimba kuposa minofu. Nkwabwino kuti ayambe ndi masiku awiri kapena atatu pa mlungu, otalikirana, nawonjezere pang'onopang'ono. Koma ngakhale dongosolo labwino lotere lisasanduke mbuye wouma mtima. Mwana wa eni akanena kuti sadagone, kuti mutu ukuwawa chimenyedwereni dzulo, kapena kuti bondo latupa, mphunzitsi woopa Mulungu amumvere ndi kumubweza kwawo, pakuti tsiku lotayika lidzabwezedwa mlungu wamawa, koma moyo wa wophunzira ukatayika palibe angaubweze.