Mbiri ya M'botolo: Fanta, Sobo ndi Ubwana Wathu

Olemba mbiri amakonda kukamba za nkhondo, mafumu ndi zisankho. Ife amene tidakulira m'malokeshoni m'zaka za m'ma 1990 tilinso ndi yathu mbiri, yolembedwa pa botolo lagalasi.

Zakumwazi zidachokera kutali. Coca-Cola adayambira ku Atlanta, m'dziko la America, mu 1886, m'manja mwa John Pemberton, wosakaniza mankhwala. Fanta adabadwira ku Germany pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene zipangizo zopangira Coca-Cola zidaleka kufika kumeneko. Kuno kwathu, kampani ya Southern Bottlers idayamba ntchito m'zaka za m'ma 1950, dziko likadali Nyasaland. Pofupikitsa dzinalo ndi pomwe padatuluka mawu oti Sobo, amene adakula mpaka chakumwa chilichonse chosungunula ndi madzi tinkangoti ndi Sobo.

Komatu musaganize kuti tinkamwa tsiku ndi tsiku. Ayi ndithu! Kwathu Fanta ankaoneka katatu: pa Khirisimasi, pakabwera mlendo, ndiponso wina akadwala. Pa Khirisimasi pankakhala mpunga, nkhuku ndi botolo lako lako, kaya la Cocopina kaya Cherry Plum, ndipo unkamwa pang'onopang'ono, chala chili pakamwa pa botolo, kuti anzako amalize iwe ukadali nacho. Mlendo akafika, mayi ankanong'oneza kuti, "Thamanga ku golosale, usaiwale botolo." Paja mlendo ndi mame. Ife tinkakhala pakhomo kupempherera kuti asiyeko pang'ono. Za kudwalazo, tinene zoona, malungo ena ankachedwa kuchoka dala.

Botololo lidali chuma palokha. Popanda lopanda kanthu sakadakugulitsa, kapena unkasiya ndalama ya dipoziti. Zitsekerero zake ndiye zidatiphunzitsa masamu mu Sitandade 1, zina n'kukhala mawilo a galimoto zamawaya, zina zoseweretsa dirafuti.

Lero ndimaona chimene ubwana udandibisira. Botolo lija linkaulula za m'thumba mwa bambo. Kwacha itasiyidwa kuti idziyendere yokha pamsika mu February 1994, mitengo idauluka, ndipo m'nyumba zambiri Sobo adayamba kuchuluka madzi mpaka mtundu wokha ndi umene unkachitira umboni. Lidatiphunzitsanso manyazi achabe: thobwa la agogo, lokhutitsa ndi lopatsa mphamvu, tidayamba kuliona ngati lachimidzi. Apa ndiye tidaluza, abale.

Eni mabotolo nawo akhala akusintha. Southern Bottlers idadzakhala pansi pa Carlsberg Malawi, ija idatsegula fakitale ya mowa ku Blantyre mu 1968. Mu 2016 kampani ya Castel ya ku France idagula gawo lalikulu la Carlsberg Malawi, ndipo mu 2022 mbali ya zoziziritsa kukhosi idapita kwa Coca-Cola Beverages Africa. Pakati apo padalowa Frozy wa ku Mozambique, wotchipa, m'botolo lapulasitiki.

Pulasitikiyo sabwezedwa ku golosale. Amathera m'ngalande ndi mumtsinje wa Mudi. Mwana wa lero amamwa ali m'minibasi, n'kuponya botolo pawindo, osadikira Khirisimasi kapena mlendo. Sindikumuchitira nsanje, ngakhale azaumoyo akuchenjeza za matenda a shuga. Ndingodandaula kuti adzakula osadziwa kuti chinthu chimakoma kawiri: poyamba pochiyembekeza, kenaka pochigawana ndi mng'ono wako, mutalemba malire ndi chala pa botolo.