Digiri yokha siyipanga loya

Kwathu ku Mlangeni, mnyamata wofuna kudziwa kuyankhula mlandu amakhala kumbuyo kwa ankhoswe pabwalo la amfumu, n'kumamvetsera kwa zaka asanatsegule pakamwa. Uloya wa kukhoti nawonso umaphunziridwa pambali pa wamkulu, ndipo m'mbiri yathu wamkuluyo wakhala ali kutali.

Kwa nthawi yaitali mu ulamuliro wa atsamunda kunalibe sukulu ya zamalamulo m'dziko muno. Orton Chirwa anachita kupita ku London, ndipo mu 1958 analoledwa kukhala loya ku Lincoln's Inn, munthu wakuda woyamba wa ku Nyasaland kufika pamenepo. Kumeneko mayeso okha sanali okwanira. Wophunzira ankayeneranso kudya nawo chakudya chamadzulo kangapo m'holo ya bungwelo pamodzi ndi maloya akuluakulu. Zoseketsa ndithu, koma cholinga chinali choti atole khalidwe la ntchitoyo poona ndi pomva. Mayi Vera Chirwa anadutsa njira yomweyo, n'kukhala mayi woyamba wa ku Malawi kukhala loya.

Ufulu utabwera, lamulo la 1965 linakhazikitsa Malawi Law Society ndi njira yathuyathu yolandirira maloya. Maphunziro anayambira ku Mpemba, kenako mu 1973 anasamukira ku Chancellor College ku Zomba. Womaliza maphunziro amalumbira pamaso pa mkulu wa oweruza milandu, koma amayamba wagwira ntchito moyang'aniridwa ndi loya wamkulu asanaime payekha.

Chondiwawa n'chakuti pamene dziko linayamba kusula maloya ake, boma la Kamuzu mu 1969 linapatsa makhoti a miyambo mphamvu yozenga milandu yakupha, ndipo maloya sankaloledwa kulowamo. Mu 1983 a Chirwa ndi akazi awo anaweruzidwa kuti aphedwe m'khoti lotero, opanda wowaimira. A Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992.

Lamulo latsopano linabweretsa Malawi Institute of Legal Education, yophunzitsa ntchito yeniyeni ya uloya. Sindikutsutsa, mlandu wa munthu si wophunzirirapo. Koma maofesi ambiri a maloya ali ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Mwana wa mlimi wa kachewere wa ku Mlangeni akatenga digiri, lendi ya m'tauni ndi ndalama ya minibasi ya tsiku ndi tsiku zimachokerabe m'dimba la bambo ake.