Madola 500 amene Pudge Heffelfinger sanawaulule

Pa 12 Novembala 1892, makalabu awiri a m'dera la Pittsburgh ku America, Allegheny Athletic Association ndi Pittsburgh Athletic Club, anakumana pabwalo. Tikunena mpira wa ku America, uja wooneka ngati dzira, umene amathamanga nawo m'manja kwinaku akugwetsana. Masiku amenewo kulandira ndalama chifukwa cha mpira kunali kochititsa manyazi, poti masewerowa ankati ndi a ana a m'makoleji ndi anthu aulemu wawo. Koma makalabu awiriwa sankamwerana madzi, ndipo owachemerera ankabetcha ndalama zankhaninkhani.

Onse maso anali pa William "Pudge" Heffelfinger, chimphona cha ku Minneapolis chobadwa mu 1867. Iyeyu anali atatchuka kale ku yunivesite ya Yale, m'timu imene mu 1888 inapeza mapointi 698 popanda mdani kupezako ngakhale imodzi. A Pittsburgh anamulonjeza madola 250, iye anakana. A Allegheny anamupatsa 500 m'manja, mwakachetechete. Masewero ali mkati mpira unapulumuka m'manja mwa wosewera wina, Heffelfinger n'kuutola, n'kuliyatsa liwiro mpaka kukadutsa mzere. Allegheny inapambana 4-0.

Ndalamazo zinali zambiri, koma sanaone mpira ngati ntchito. Ataphunzitsako matimu a mayunivesite a California, Lehigh ndi Minnesota, anakhazikika pa bizinesi yopanga nsapato ya bambo ake ku Minneapolis. Chuma cha America chitagwedezeka mu 1907 kampaniyo inayamba kulowa pansi mpaka kutsekedwa, ndiye iye analowa bizinesi ya malo ndi nyumba. Kuyambira mu 1924 anakhala khansala wa Hennepin County zaka zoposa 20, ndipo ankasindikizanso kabuku ka chaka ndi chaka kotchedwa Heffelfinger's Football Facts. Mpira wokha sunamuchoke m'magazi: ali ndi zaka 54 analowa m'bwalo pa masewero othandiza osowa, n'kudzateronso ali ndi zaka 65. Kaya kunali kulimba thupi kaya makani chabe, ochemerera anasangalala.

Anamwalira mu 1954 ku Blessing, ku Texas, nkhani ya madola 500 ija asanaiulule poyera. Zaka zonsezo ulemu wokhala woyamba kulipidwa pa mpirawu unkapita kwa John Brallier, dokotala wa mano wa ku Latrobe, amene analandira madola 10 mu 1895 ndipo sankabisa. Bungwe la NFL, loyendetsa ligi ya mpirawu, linafika pomupatsa tikiti yoonera masewero ulere moyo wake wonse.

Chinaulula zonse ndi pepala la ndalama la kalabu ya Allegheny, limene linafika ku Pro Football Hall of Fame, nyumba yosungira mbiri ya mpirawu ku Canton, Ohio, m'zaka za m'ma 1960. Pamzere umodzi pali dzina la W. Heffelfinger, ndi madola 500 olipidwa kashi chifukwa chosewera. Brallier anali atamwalira kale mu 1960, anthu akukhulupirirabe kuti woyamba ndi iyeyo.