Makomo a Sukulu za Ukachenjede za ku America, ndi Anthu a Kwathu Amene Analowapo

Kuno kunsi kwa mapiri a Dedza, kuyambira ku Golomoti kufikira ku Mtakataka, ikamveka mbiri yakuti mwana wa auje wapita kukaphunzira ku America, anthu amangoti, "Ameneyo ali ku yunivesite," monga ngati dziko lonselo lili ndi sukulu imodzi ya khomo limodzi. Ngakhale ife aphunzitsi timalankhula chomwecho. Ndipo mwana wa Fomu 4 akatifunsa kusiyana kwa koleji ndi yunivesite, kapena chifukwa chake munthu wosadziwa kubaya jakisoni amatchedwa dokotala, timamuyankha mwachidule ndi kubwerera ku phunziro la tsikulo. Koma sukulu zimenezi zili za mitundumitundu, ndipo mtundu uliwonse unabadwa pa nthawi yake ndi pa chifukwa chake. Njira yapafupi yozidziwira ndiyo kulondola mapazi a anthu a kwathu amene anafikako, pakuti aliyense analowera khomo lakelake.

Tiyambe ndi kuvomera kuti njira ya ku America siinayambire kuno. Pamene ansembe a White Fathers anakhazika misoni ya Mua m'chaka cha 1902, makwerero a maphunziro amene anaimika anali kuloza kwina. Mnyamata wanzeru ankachoka pa sukulu ya m'mudzi kulowa m'seminale, kumene ankalimbana ndi Chilatini, ndipo akapirira ankapitirira ku seminale yaikulu ya Kipalapala ku Tanganyika. Umo ndimo anakwerera Cornelio Chitsulo, mwana wa dera la Mua, amene anadzozedwa unsembe mu 1937, woyamba mwa Amalawi mu mpingo wa Katolika, nakhala episkopi wa Dedza mu 1957. Boma la atsamunda silinafulumire konse: sekondale yoyamba inatsegulidwa ku Blantyre mu 1940, ya Dedza mu 1951, ndipo Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965. Wofuna digiri zaka zimenezo zisanafike anayenera kutuluka m'dziko.

Amene anatsegula khomo la America anali mipingo ya anthu akuda. Itatha nkhondo yapachiweniweni ya kumeneko mu 1865, akapolo anamasulidwa, koma sukulu za azungu, makamaka za kummwera, zinawatsekera kunja. Chifukwa chake mipingo inawamangira makoleji awoawo. Ku sukulu yotere, Virginia Theological Seminary and College ya mpingo wa Baptist mu mzinda wa Lynchburg, ndiko anakaphunzira John Chilembwe atachoka kuno ndi Joseph Booth mu 1897. Anabwerako mu 1900 ali mbusa, nayamba misoni yake ku Mbombwe, ku Chiradzulu. Pambuyo pake panapita Daniel Malekebu, amene analandira digiri ya udokotala wa mankhwala, ya MD, ku Meharry Medical College mu mzinda wa Nashville mu 1917. Meharry imeneyi inayamba mu 1876, ndipo pamene lipoti la Abraham Flexner la 1910 linagwetsa sukulu zambiri za udokotala, pa sukulu za anthu akuda panapulumuka ziwiri zokha, iyo ndi Howard. Atsamunda, pokumbukira zimene zinachitika mu 1915, anamkaikira Malekebu, ndipo anatha kutsegulanso misoni ya Chilembwe mu 1926.

Ulendo wa Hastings Kamuzu Banda ndiwo utiphunzitsa zambiri, pakuti iye yekha analowa makomo anayi. Atafika mu 1925 anayambira ku Wilberforce, m'chigawo cha Ohio, sukulu ya mpingo wa African Methodist Episcopal, kumene anatsiriza maphunziro a sekondale mu 1928. Kuchoka apo anapita ku Indiana University, imene ili sukulu ya boma la chigawo, yoyendetsedwa ndi misonkho ya anthu a m'chigawomo. Sukulu zotere zimalipiritsa mwana wa m'chigawo ndalama zochepa, koma mlendo amalipira zochuluka. Kenaka anasamukira ku University of Chicago, nalandira digiri yake yoyamba mu 1931. Pano owerenga achenjere, chifukwa dzina limanyenga: ngakhale itchedwa ndi dzina la mzinda, sukuluyi siili ya boma ayi, koma yoima payokha, ndipo inamangidwa ndi chuma cha John D. Rockefeller. Za mtundu womwewo ndi Harvard, imene inayamba mu 1636, ndi Yale. Khomo lachinayi linali Meharry yomwe ija, kumene anatsiriza mu 1937.

Tsono taonani dongosolo lake. Digiri yoyamba, ya Bachelor, imatenga zaka zinayi, ndipo pa zaka ziwiri zoyamba wophunzira amalawa maphunziro osiyanasiyana, mbiri, masamu, zinenero ndi sayansi, asanasankhe phunziro lokhazikikapo. Udokotala wa mankhwala ndi malamulo saphunziridwa ndi munthu wongochoka ku sekondale. Amayamba wakhala nayo digiri yoyambayo, ndipo pa udokotala amaonjezapo zaka zina zinayi. Komabe pepala la Meharry silinakwanire pamaso pa Angerezi, kotero kuti Banda anayenera kukalembanso mayeso ku Edinburgh, nawatsiriza mu 1941.

Kwa ife amene tisamala za zinenero zathu, chachikulu chinachitika pa zaka za ku Chicago zija. Sukulu imeneyo ili ya mtundu umene Amereka anatengera ku Germany, woti mphunzitsi asangobwereza zodziwika kale koma afufuze zatsopano. Johns Hopkins, yotsegulidwa mu 1876, ndiyo inatsogolera njirayi. Digiri yake yapamwamba ndi PhD, imene imadza pambuyo pa Bachelor, ndipo kawirikawiri pambuyo pa Master ya chaka chimodzi kapena ziwiri. Munthu sailandira chifukwa cha kukhoza mayeso pokha, koma alembe buku la zimene wafufuza yekha ndi kuliteteza pamaso pa akatswiri. Pa nthawi imeneyo panali wophunzira wakuda, Mark Hanna Watkins, amene anaphunzira kwa katswiri wa zinenero Edward Sapir, ndipo ankafuna chinenero cha mu Africa choti achifufuze. Anapeza mnyamata wa ku Kasungu. Anakhala naye pansi, namfunsa mawu limodzilimodzi, namvetsera kukwera ndi kutsika kwa liwu, nalemba zonse. Pa ntchito imeneyi Watkins analandira PhD mu 1933, ndipo buku lake, A Grammar of Chichewa, linasindikizidwa mu 1937, pa nthawi imene mabuku a sukulu kuno ankatcha chinenerochi Chinyanja. Ine ndiona kuti aphunzitsi a Chichewa ayenera kuidziwa nkhaniyi koposa onse, pakuti ionetsa kuti mawu amene mwana amadzudzulidwa nawo akawalankhula pa bwalo la sukulu anapatsa munthu udokotala kutsidya kwa nyanja. Ntchitoyo siinathere pomwepo: Sam Mchombo, pophunzitsa ku University of California ku Berkeley, analemba za kaumbidwe ka ziganizo za Chichewa pamodzi ndi Joan Bresnan wa ku Stanford.

Khomo lina, laling'ono ndi lotsika mtengo, analowera Legson Kayira wa kumpoto. Iye ananyamuka pansi mu 1958, ndipo ali ku Kampala anapeza m'buku la maina a sukulu dzina la Skagit Valley College, ya m'chigawo cha Washington, nailembera kalata. Anafikako kumapeto kwa 1960. Imeneyi inali koleji ya zaka ziwiri, ya mtundu umene unayamba ndi Joliet Junior College mu 1901. Makoleji otere amapatsa digiri ya Associate, ndipo wofuna kupitirira amanyamula zimene wakhoza kupita nazo ku yunivesite kukatsiriza zaka ziwiri zotsala. Kayira anachita chomwecho ku University of Washington, asanaoloke kupita ku Cambridge.

Palinso mtundu umene unabwera wokha kudzatipeza kuno. Mu 1862 Abraham Lincoln anasaina lamulo la Morrill, limene linapatsa zigawo malo kuti ziwagulitse ndi kumangira makoleji a ulimi ndi ntchito za makina, kuti mwana wa mlimi naye aphunzire zomuthandiza pa munda. Koleji ya Bunda, imene inamangidwa ndi thandizo la boma la America titangolandira ufulu, inatsata maganizo omwewo, ndipo alangizi ambiri amene ayenda m'minda ya mpunga ndi thonje ya m'mbali mwa nyanja muno anasulidwa m'manja mwa anthu ophunzira kumeneko.

Za dzina lakuti koleji, tisaliyese laling'ono nthawi zonse. Dartmouth, kumene William Kamkwamba wa ku Wimbe anatsiriza mu 2014, imadzitcha koleji, koma ili pakati pa sukulu zomveka koposa. Ndipo mbali inayo, dzina lakuti yunivesite silitsimikiza kanthu, chifukwa ku America kulibe unduna umodzi umene umavomereza sukulu zonse. Ntchitoyo ili m'manja mwa mabungwe oyesa sukulu, ndipo alipo anthu amene amagulitsa mapepala okongola osayesedwa ndi bungwe lililonse lodziwika. Udokotala waulemu, umene sukulu imapatsa munthu pomthokoza, nawonso suli umboni wa kufufuza. Kuno kwathu lamulo la 2011 linakhazikitsa National Council for Higher Education, ndipo ndi bungwe limeneli limene limaona pepala lochokera kunja ndi kunena ngati lili lofanana ndi digiri ya m'dziko muno.