Milu ya Mtedza ya ku Kano Inapita Kuti?

Ine ndimakhalira kuyeza mtedza pambale mumsika, ndiye mbiri ya Nigeria imandikhudza penapake.

Pomwe dzikoli limalandira ufulu mu 1960, chuma chake chinali m'khasu. Kumpoto, mumzinda wa Kano, matumba a mtedza ankawasanja milu yosongoka, yaitali ngati nyumba zosanjikizana, kudikira sitima yapamtunda yopita kudoko la Lagos. Kummwera ankalima koko ndi kanjedza wa mafuta. Boma linkadya thukuta la mlimi, choncho linkamufuna mlimiyo.

Mafuta apansi anapezeka ku Oloibiri mu 1956, nayamba kugulitsidwa kunja mu 1958. Koma zinthu zinatembenuka mu 1973, mtengo wake utakwera pafupifupi kanayi m'miyezi yochepa. Ndalama zinasefukira boma la Yakubu Gowon. Malipiro a ogwira ntchito m'boma anakwezedwa kwambiri. Mu 1975 boma linaitanitsa simenti matani pafupifupi 20 miliyoni, doko la Lagos lisangathe n'komwe kutsitsa katundu wotere. Sitima zoposa 400 zinaima pamzere panyanja miyezi yambiri, boma likulipira chindapusa cha kudikirako, simenti ina n'kuumira momwemo. Tangoganizani!

Chomwe chinapweteka mlimi n'chomwe ife amalonda timachidziwa bwino. Madola atachuluka, naira inakhala yamphamvu, mpunga ndi tirigu wakunja n'kutchipa kuposa zolimidwa pakhomo. Kasitomala safunsa kuti walima ndani, amafunsa mtengo basi. Anyamata anasiya makasu n'kuthamangira m'tauni kukasaka ganyu ya zomangamanga. Kunena zoona, chilala ndi matenda a mtedza a m'zaka zomwezo zinaonjezera vutolo, koma boma lomwe likudya za mafuta silinaone chifukwa chothamangira kukadzutsa mlimi. Milu ija inangotha pang'onopang'ono.

Mu 1986 mtengo wa mafuta unagwa. Boma la Ibrahim Babangida linatsitsa mphamvu ya naira, zakunja zija n'kudula, ngongole ili pakhosi, minda itagonera. Ndipo kwa zaka zambiri pambuyo pake, dziko lopopa mafuta ochuluka chonchi linkaitanitsa petulo kunja, chifukwa mafakitale ake anayi oyengera mafuta ankangokhalira kuwonongeka. Anthu a ku Lagos ankagona pamizere ya petulo ngati momwe timachitira ife kuno, ife amene tilibe chitsime ngakhale chimodzi.