Gule wa Anchito a ku Broken Hill

M'caka ca 1902 Mzungu wina dzina lace T. G. Davey anapeza miyala ya mtobvu ndi zinki pa malo amene lero achedwa Kabwe, nawacha Broken Hill. Njanji inafika mu 1906, ndipo anthu a mitundu yambiri anayamba kusonkhanako kudzafuna nchito: Alenje eni dziko, Abemba, Abisa, Angoni ndi Acewa a ku Fort Jameson ndi ku Nyasaland. Anamanga m'makomboni ozungulira mgodi, mbali zimene tsopano kuli Makandanyama, Kasanda ndi Chowa.

Moyo wa m'komboni unali wosiyana ndi wa kumudzi. Kumudzi nthawi ya gule imadza yokha, anthu atakolola. Koma pa mgodi panalibe masika. Munthu anali kulandira ndarama pokhapokha atadzaza tikiti ya masiku 30, ndipo tsiku lojomba silinali kuwerengedwa. Poweruka anapeza nchito yina imdikira kunyumba: ana ofuna zobvala, abale ofika kucokera kumudzi, ndi makalata opempha msonkho. Anchito okhalitsa kampani inawabwereka minda ya maekala 5 kunja kwa komboni, ndipo khasu nalo linafuna gawo lace la dzuwa.

Munthu angayese kuti anthu otere analeka kuyimba ndi kubvina. Koma sizinatero ai. Godfrey Wilson, mkuru woyamba wa Rhodes-Livingstone Institute, anakhala ku Broken Hill mu 1939 ndi 1940 kufufuza makhalidwe a anchito, napeza anthu akuda ngati 15,000. M'buku lace, limene linaturuka m'zigawo ziwiri mu 1941 ndi 1942, anafotokoza za mabungwe a dansi amene anchito anadzipangira okha. Amuna ndi akazi anaphunzira kubvina kwa Cizungu, awiri-awiri, nasunga ndarama miyezi yambiri kuti agule suti kapena diresi loyenera tsiku la mpikisano.

Zofanana nazo zinaoneka ku Luanshya, kumene J. Clyde Mitchell anapenyerera gule wa kalela, nalemba za iye mu 1956. Obvinawo anali anyamata Acibisa ogwira nchito zolemetsa za malipiro ocepa. Ng'oma zao anazipanga ndi migolo ya mafuta, nyimbo anapeka okha, ndipo anabvina Lamulungu masana, atabvala malaya ocapa ndi ositidwa bwino. Gulu linali ndi mfumu yace ndi akuru ena, yense ndi udindo wace.

Pamenepa ndipo pagona nzeru yao. Anthuwa sanadikire kuti nthawi iwatsalire, pakuti wa tikiti nthawi simtsalira. Anasankha tsiku limodzi, nalicinjiriza. Ndiponso sanayese kulisunga yense payekha. Munthu wotopa akhoza kudzinyenga yekha kuti adzayimba mawa; koma ngati anzace khumi amdikira pabwalo, ndipo ng'oma yaikuru ndi iye aiomba, adzauka ndithu. Mutu umodzi susenza denga.

Sikuti zonsezi zinali zopanda mtengo. Ndarama yogulira nsapato za dansi ndiyo yomwe ikadagula bulangeti la mwana, kapena kupita kwa nkhalamba kumudzi. Lamulungu lomwelo ndilo tsiku la kucalici, la kumunda ndi la kuceza odwala. Banja liri lonse linayenera kudziweruzira lokha malire, ndipo gule wodya cakudya ca ana sakhalitsa m'nyumba.

Mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, nusiya pfumbi la mtobvu limene lisautsabe ana a ku Makandanyama. Belu la cipani ca usiku linaleka kulira, koma funso la anchito aja likali pomwepo. Mnyamata kapena mtsikana woturuka sukulu lero, amene ali ndi luso la kulemba, kusema, kusoka kapena kuyimba, adzapeza kuti nchito ndi banja zidzatenga masiku ace onse ngati iye sapatulapo limodzi. Acite monga anacitira a ku Broken Hill: achule tsiku, apangane ndi a m'nyumba mwace, napeze anzace omdikira.