Sukulu Zathu ku Milange: Mbiri ya Malamulo ndi Ndalama Zake

1. Kwathu kuno

Milange ndi boma la m'chigawo cha Zambezia, m'dziko la Mozambique. Tauni yake ili m'munsi mwa phiri la Tumbine. Kutsidya kwa mtsinje wa Muloza ndi ku Mulanje, m'dziko la Malawi. Kuno timayankhula Chichewa, Chilomwe ndi Chimarenje. Ambiri ndife alimi a chimanga, nandolo ndi nyemba.

Kuyambira ku Majaua mpaka ku Mongue, m'mawa uliwonse ana amalawirira kusukulu. Kodi ndani amanena zaka zoyambira sukulu? Ndani amasankha zolembedwa m'mabuku? Nanga ndalama za choko ndi malipiro a aphunzitsi zimachokera kuti? Kabuku kano kayankha mafunso amenewa, kuyambira kale mpaka lero.

2. Nthawi ya Apwitikizi

Apwitikizi ankalamulira dziko lino ali ku Lisboa. Iwo anagawa sukulu pawiri. Ana a azungu, ndi ana a anthu akuda ochepa amene analandira makhalidwe a Chipwitikizi, ankaphunzira m'sukulu za boma. Ana a kumudzi anali ndi sukulu zawozawo, za maphunziro ochepa.

M'chaka cha 1940 boma la Portugal linapangana ndi Papa ku Vatican. Chaka chotsatira, sukulu za ana a kumudzi zinaperekedwa m'manja mwa mishoni za Katolika. Kumeneko mwana ankaphunzira katekisimu, Chipwitikizi, masamu pang'ono ndi ntchito za kumunda wa mishoni. Ambiri ankalekezera panjira.

Agogo athu amakumbukirabe mbalamatodya. Chinali chithabwa chokhala ndi chogwirira, chobooledwa timabowo kumutu kwake. Ankamenya nacho m'manja mpaka zikhato kutupa. Amakumbukiranso chibalo, ntchito yokakamiza ya m'misewu ndi m'minda ya tiyi. Mabanja ambiri anathawira ku Nyasaland chifukwa cha chibalo.

Pa nthawi imeneyo kholo silinkafunsidwa kanthu za sukulu. Dziko litalandira ufulu, anthu oposa 9 mwa 10 alionse sankadziwa kulemba ndi kuwerenga.

3. Ufulu ufika

Mozambique inalandira ufulu pa 25 Juni 1975. Patangopita mwezi umodzi, pa 24 Julayi, Pulezidenti Samora Machel analengeza kuti sukulu zonse zikhala za boma. Za mishoni nazo zinatengedwa. Nduna yoyamba ya zamaphunziro inali mayi Graça Simbine, amene pambuyo pake anadziwika ndi dzina loti Graça Machel.

Ana anakhamukira kusukulu, koma aphunzitsi anali ochepa, popeza Apwitikizi ambiri anali atabwerera kwawo. Pa 8 Malichi 1977 boma linaitana achinyamata a m'makalasi apamwamba kuti asiye kaye maphunziro awo. Ambiri mwa iwo anatumizidwa kukaphunzitsa. M'chaka cha 1978 inayamba ntchito yaikulu yophunzitsa achikulire kulemba ndi kuwerenga m'dziko lonse. Kalasi yathu ino ya achikulire mizu yake ili pamenepo.

Pa 23 Malichi 1983 panatuluka lamulo nambala 4/83. Lamuloli linakhazikitsa dongosolo limodzi la maphunziro m'dziko lonse, lotchedwa Sistema Nacional de Educação. Linati mwana aliyense aphunzire makalasi 7 a pulayimale. Mwana wa ku Milange ndi mwana wa ku Maputo anayamba kuwerenga buku limodzimodzi.

4. Nkhondo

Lamulo linalembedwa bwino, koma nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo inali itakula. M'chaka cha 1986 Renamo inalanda tauni ya Milange. Asilikali a boma anailandanso mu 1988. Mafakitale a tiyi anaima. Makalasi anasanduka mabwinja. Pofika kumapeto kwa nkhondo, sukulu za pulayimale zoposa theka m'dziko lonse zinali zitaonongedwa kapena kutsekedwa.

Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi. A ku Milange ambiri anaoloka Muloza ndi Ruo, katundu ali pamutu, ana ali kumsana. Ana ena anaphunzira kumeneko. Ena anakula osagwirapo pensulo, chifukwa anali kuthawa, kapena kufuna chakudya, kapena kulera ang'ono awo.

Ngati inu simunaphunzire muli mwana, musachite manyazi. Ambiri a ife sukulu tinalandidwa ndi nkhondo ndi umphawi.

5. Mtendere ndi kumanganso

Pa 6 Meyi 1992 panatuluka lamulo lina, nambala 6/92. Linalola mipingo, mabungwe ndi anthu wamba kutsegulanso sukulu, bola atsatire malamulo a Unduna wa Zamaphunziro. Pa 4 Okutobala chaka chomwecho mtendere unasainidwa ku Roma.

Anthu anabwerera kwawo. Makolo anadula mitengo, anaphoma zipupa ndi dothi, anafolera ndi udzu, sukulu nkuyambanso. Kwina ana ankakhala pansi pa mtengo wa mango, bolodi atalitsamiritsa ku thunthu.

Komabe kunali ndalama zolipira polembetsa mwana. Kholo la ana asanu linkasankha woti aphunzire, ndipo kawirikawiri wotsala anali mtsikana. Ku Malawi sukulu za pulayimale zinakhala zaulere mu 1994. Kuno boma linathetsa ndalama zolembetsera mu 2004, ndipo ana a m'makalasi anachuluka kwambiri.

6. Lamulo limayenda bwanji?

Lamulo la sukulu limayambira ku Maputo. Unduna wa Zamaphunziro umalemba maganizo ake. Nduna zonse zimakambirana, kenaka zimatumiza ku Nyumba ya Malamulo, Assembleia da República. Aphungu akavomereza, Pulezidenti amasaina. Lamulo limasindikizidwa m'nyuzi ya boma yotchedwa Boletim da República.

Lamulo lalikulu limanena mitu ya nkhani yokha. Unduna ndiwo umalemba malamulo ang'onoang'ono: tsiku lotsegulira sukulu, kalembedwe ka mayeso, ndi khalidwe loyenera la mphunzitsi. Zoti ana aphunzire m'kalasi iliyonse zimakonzedwa ndi bungwe la undunawu lotchedwa INDE.

Kuchokera ku Maputo, malamulo amafika ku ofesi ya chigawo ku Quelimane. Kuchoka apo amafika ku ofesi ya maphunziro ya boma la Milange, imene aphunzitsi amaitchula kuti SDEJT. Sukulu zoyandikana zimakhala pa gulu limodzi lotchedwa ZIP, kumene aphunzitsi amakumana kuti athandizane. Pomaliza, lamulo limafika kwa mkulu wa sukulu ndi kwa mwana wanu.

Lamulo limene tikuyendera lero ndi nambala 18/2018, la pa 28 Disembala 2018. Limati mwana ayambe sukulu ali ndi zaka 6. Pulayimale ndi makalasi 6, ndipo kalasi 7 inasamukira ku sekondale kuyambira mu 2023. Mwana aliyense ayenera kuphunzira mpaka kalasi 9. M'sukulu za boma, makalasi 9 amenewa salipiritsa ndalama zolembetsera.

7. Malamulo amasintha

Lamulo limalembedwa ndi anthu, ndipo anthu akadandaula limatha kusinthidwa. Nazi zitsanzo ziwiri.

Choyamba ndi cha atsikana. Mu 2003 Unduna unalamula kuti mtsikana akatenga pakati azikaphunzira usiku. Kumudzi kulibe magetsi, ndipo njira ya usiku ndi yoopsa kwa mtsikana. Ambiri anangosiya sukulu. Mabungwe a amayi ndi a ufulu wa ana anadandaula kwa zaka zambiri, mpaka lamulolo linathetsedwa mu Disembala 2018. Mu 2019 Nyumba ya Malamulo inaletsanso kukwatiwitsa mwana wosakwana zaka 18. Lero mtsikana woyembekezera ali ndi ufulu wokhala m'kalasi masana pamodzi ndi anzake.

Chachiwiri ndi cha chiyankhulo. Kwa zaka zambiri mwana ankaphunzira m'Chipwitikizi chokha, ngakhale asakuchimva. Kuyambira 1993 mpaka 1997 INDE inayesa kuphunzitsa ana m'Chinyanja ku Tete, ndi m'Chichangana ku Gaza. Mu 2003 sukulu zina zinayamba kuphunzitsa m'ziyankhulo ziwiri. Mwana amayamba ndi chiyankhulo cha amayi ake, Chipwitikizi nkumalowa pang'onopang'ono. Chinyanja ndi Chilomwe zili m'gulu la ziyankhulo zimenezi, ngakhale kuti sukulu zambiri sizinayambe kutero.

Mu 2004 Unduna unapatulanso gawo limodzi mwa magawo asanu a nthawi ya m'kalasi kuti ana aziphunzira za kwawo. Apa mfumu, mlimi, woluka mphasa kapena woumba mbiya angathe kuthandiza mphunzitsi.

8. Ndalama zimachokera kuti?

Timati sukulu ndi yaulere, koma ilipo ndalama imene imayendetsa sukuluyo. Yambiri imachokera ku misonkho. Mukagula nsalu, foni kapena njinga m'sitolo, mumalipira msonkho wotchedwa IVA. Kuyambira mu 2023 msonkhowu ndi 16 pa 100 iliyonse. Magalimoto a katundu odutsa pa chipata cha malire athu nawonso amalipira msonkho.

Ndalama zonsezi zimapita ku thumba la boma. Chaka chilichonse aphungu amavomereza bajeti, ndipo maphunziro amalandira gawo lalikulu ndithu. Zambiri mwa ndalamazi zimathera pa malipiro a aphunzitsi. Zotsala zomangira makalasi ndi zogulira madesiki zimachepa.

Maiko ndi mabungwe akunja nawonso amathandiza. Mu 2002 anayamba kusonkha thandizo lawo m'thumba limodzi lotchedwa FASE. Ena mwa amene anasonkhamo ndi Germany, Finland, Ireland, Canada, UNICEF ndi Banki Yaikulu ya Dziko Lonse. Thumbali lathandiza kugula mabuku aulere a pulayimale ndi kumanga makalasi.

Choncho buku la mwana wanu si mphatso ya munthu wina aliyense. Palibe wololedwa kuligulitsa pamsika.

9. Tsiku lowerenga ana

Pa 3 Malichi chaka chilichonse sukulu zonse za m'dziko lino zimawerenga ana. Mphunzitsi amatsegula kaundula. Amawerenga anyamata paokha, atsikana paokha, kalasi ndi kalasi. Mkulu wa sukulu amadzaza mapepala, nkuwatumiza ku ofesi ya boma. Manambalawo amafika ku Quelimane mpaka ku Maputo.

Unduna umayang'ana manambala amenewa pogawa mabuku, aphunzitsi ndi ndalama. Mwana wosalembetsedwa, ku Maputo samudziwa, ndipo gawo lake silibwera. Tilembetse ana athu nthawi yabwino. Pa masiku amenewa tisawatume kumunda kapena kumsika.

10. Ndalama zofika pasukulu

Kuyambira mu 2003 pali ndalama zimene zimapita pasukulu penipeni. Dzina lake ndi Apoio Directo às Escolas, mwachidule ADE. Kuchuluka kwake kumatengera chiwerengero cha ana ndi makalasi. Ndi ndalama zogulira choko, makope, zolembera, ndi kukonza zinthu zing'onozing'ono monga chitseko kapena bolodi. Gawo lina limathandiza ana amasiye ndi ovutika.

Mkulu wa sukulu saloledwa kugwiritsa ntchito ndalamazi yekha. Pasukulu iliyonse pali komiti yotchedwa Conselho de Escola. M'komitiyi mumakhala aphunzitsi, ana a sukulu, makolo ndi anthu a m'mudzi. Wapampando amasankhidwa pakati pa makolo kapena anthu a m'mudzi.

Ndalama zikafika, komiti imakhala pansi nkugwirizana zogula. Ena amapita kukagula. Ena amalandira katunduyo, nkumuwerenga lisiti lili m'manja. Ngati lisiti likunena makope 200, mayi wa m'komiti amamasula mtolo nkuwerenga limodzilimodzi mpaka akwane. Ndalama zimene zabwera ndi zimene zagulidwa ziyenera kulembedwa papepala ndi kumatidwa poonekera.

Apa ndi pamene kuwerenga kwanu kuli ndi ntchito. Kholo losadziwa kuwerenga limadinda chala pa pepala limene silinalimve. Kholo lodziwa kuwerenga limafunsa mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, tatiwerengereni bwino apa, ndalama zotsalazi zili kuti?"

11. Zimene zatsala

Mavuto akadalipo. Mphunzitsi mmodzi nthawi zambiri amakhala ndi ana oposa 60. Ana ena amaphunzira m'mawa, ena masana, chifukwa makalasi ndi ochepa. Mabuku ndi ndalama za ADE nthawi zina zimachedwa. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anasasula madenga a sukulu zambiri mu Zambezia. Sukulu za sekondale zili kutali ndi midzi yambiri, kotero kalasi 9 imene lamulo likunena ana ambiri saifika.

Kalembera wa 2017 anapeza kuti akuluakulu 39 mwa 100 alionse m'dziko lino sadziwa kulemba ndi kuwerenga. Pakati pa amayi ndi pafupifupi theka.

Agogo athu sankafunsidwa za sukulu. Ife lamulo latipatsa mpando m'komiti, ndipo ndalama zake ndi misonkho yathu yomwe. Mutu umodzi susenza denga: Unduna uli ndi mbali yake, aphunzitsi ali ndi yawo, ifenso tili ndi yathu. Msonkhano wa makolo ukaitanidwa, tipiteko. Tikafika, tiyambe ndi kuwerenga pepala la pakhoma.

Tikambirane

1. Ndani m'banja mwanu anali woyamba kupita kusukulu? Anaphunzira kuti?
2. Lamulo la 2018 likuti mwana aphunzire mpaka kalasi yanji?
3. Wapampando wa komiti ya sukulu ya kwanu ndani? Anasankhidwa bwanji?
4. Kodi pepala la ndalama za ADE limamatidwa pati pasukulu yanu?
5. Lembani m'kope mwanu zinthu zitatu zimene sukulu ya kwanu ikusowa, ndipo mukazinene pa msonkhano wa makolo.